Mapapo a munthu amene mtima wake unaima: kodi alongo anga awalandire?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Area 25, Lilongwe

Adokotala, alongo anga akhala ku England zaka zambiri ndipo akudwala matenda oumitsa mapapo. Pano sachoka pa okosijeni, ngakhale kubafa amapita naye. Awalemba pa mndandanda wa odikira kuikidwa mapapo ena, koma awapatsa chikalata chowafunsa ngati angalole kulandira mapapo a munthu amene wamwalira mtima utaima, zimene pachikalatapo azilemba kuti DCD. Kuno nkhaniyi yatigawa. Amalume akuti chiwalo cha munthu woti mtima unaleka kale kugunda ndi chakufa, ndipo kumeneko akufuna kupatsa mlendo zotsalira. Mayi athu akufunsa ngati mwini mapapoyo amakhala atamwaliradi, kapena amachita kumufulumizitsa. Alongo angawo akudikira mawu athu asanasaine. Tiwauze chiyani?

Yankho

Mayi, ngati madokotala amene akuwaona sanawapatse chifukwa china chapadera, auzeni alongo anu asaine. Mapapo a munthu amene wamwalira mtima utaima, akasankhidwa bwino ndi kuchotsedwa nthawi isanathe, amagwira ntchito mofanana ndi mapapo ena onse amene amaikidwa mwa odwala. Sindikungokulimbitsani mtima ayi. Zimenezi zinawerengedwa pa odwala ambirimbiri kwa zaka zambiri. Koma mafunso a amalume ndi a mayi anu ndi omwewo amene anasowetsa tulo madokotala kwa zaka zoposa 30, choncho ayenera kuyankhidwa mokwanira, kuti banja likamavomera livomere likudziwa chimene likuvomera.

Ziwalo zoika mwa odwala zimachokera kwa anthu omwalira m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu amene ubongo wake wafa wonse, mwina chifukwa cha ngozi yapamsewu kapena kuphulika kwa mtsempha wa m'mutu, koma makina akumupopera mpweya ndipo mtima ukugundabe. Munthuyo wamwalira, koma ziwalo zake zikulandirabe magazi mpaka pamene dokotala azichotsa. Yachiwiri ndi imene chikalata cha alongo anu chikunena. Munthu wavulala ubongo moti sadzadzukanso, koma sanafike poti akayezedwa apezeke kuti ubongo wafa wonse. Madokotala a ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi abale ake amagwirizana kuti kupitiriza ndi makina n'kungomuvutitsa. Makina amachotsedwa, kupuma kumafooka, BP imatsika, kenako mtima umaima. Kuchokera pamenepo ziwalo zimakhala m'thupi lofunda popanda magazi oyenda, mpaka zitatsukidwa ndi kuziziritsidwa. Nkhawa yonse yagona pa mphindi zimenezo.

Pa ziwalo zambiri amalume sakunama. Maselo a m'thupi amafuna okosijeni, ndipo pafupifupi onse amamulandira kudzera m'magazi. Magazi akaima, ubongo umayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa chabe. Chiwindi chikakhala m'thupi lofunda kupitirira theka la ola, madokotala ambiri amachikana, chifukwa tinjira take ta ndulu timadzawonongeka patsogolo. Impso zimapirirako, komabe zochokera kwa anthu otere kawirikawiri zimachedwa kudzuka, wodwala n'kubwerera kaye pa dayalisisi, makina otsuka magazi, zisanayambe kutulutsa mkodzo.

Phapo lokha linalengedwa mosiyana. M'kati mwa mapapo muli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, ndipo khoma la katumba kalikonse ndi lopyapyala kwambiri, mbali iyi kuli mpweya, mbali iyo kuli magazi. Maselo a khoma limeneli sadikira kuti magazi awabweretsere okosijeni. Amamutenga pomwepo mu mpweya umene ukuwakhudza. Ziwalo zina zili ngati nyumba zodalira mpopi, zimene paipi ikaphulika kumtunda ndowa zimauma tsiku lomwelo, pamene phapo lili ndi chitsime pakhomo. Mtima ukaima, bola m'mapapo mukhale mpweya, maselo ake amakhalabe amoyo. Komanso phapo siligwira ntchito yolemetsa ngati mtima, umene umafinya usana ndi usiku. Lake n'kungolola mpweya kudutsa, choncho silidya mphamvu zambiri ndipo silifulumira kufooka. Chofunika n'chakuti likhale lofufuma, pakuti phapo lophwa limawonongeka msanga kuposa lodzaza mpweya.

Phapo loyamba kuikidwa mwa munthu padziko lapansi linachokera kwa munthu wotereyu. Mu June 1963, mumzinda wa Jackson ku Mississippi, m'dziko la America, dokotala James Hardy anachotsa phapo kwa bambo amene anamwalira ndi nthenda ya mtima n'kuliika mwa wodwala khansa ya m'mapapo. Wodwalayo anakhala masiku 18, ndipo chinamutenga ndi impso zake zimene zinali zodwala kale. Phapolo linkagwira ntchito. Nthawi imeneyo kunalibe kwina kopezera mapapo, chifukwa mfundo zoyezera imfa ya ubongo zinadzalembedwa mu 1968 ndi komiti ya ku yunivesite ya Harvard. Zitavomerezedwa, madokotala onse anakhamukira kumeneko, poti chiwalo chochotsedwa magazi akuyendabe chinkaoneka chotetezeka. Pamene opaleshoni ya mapapo inayamba kuyenda bwino ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1983, m'manja mwa Joel Cooper ndi anzake, njira yakale ija inali itaiwalika.

Chinabweza maganizo ndi kusowa kwa mapapo. Mwa anthu asanu opereka ziwalo, mapapo ankatengedwa kwa pafupifupi mmodzi yekha, odwala n'kumathera pamzere. Mu 1991 Thomas Egan wa ku North Carolina, ku America, anasonyeza pa agalu kuti mapapo ochotsedwa patapita ola lathunthu nyama itafa amagwirabe ntchito bwino akaikidwa mwa ina, ndipo gulu lake linadzapeza kuti nthawiyo imatalika ngati mapapowo akupoperedwa okosijeni pambuyo pa imfa. Mu 1995 Robert Love wa ku Wisconsin, ku America komweko, analengeza kuti wachita zomwezo pa munthu ndipo zayenda. Koma amene anadabwitsa dziko ndi Stig Steen wa ku Lund ku Sweden. Bambo wina anamwalira m'chipatala ndi nthenda ya mtima madokotala atalephera kumudzutsa. Patapita ola limodzi ndi mphindi zochepa, Steen analowetsa machubu pakati pa nthiti n'kuthira madzi ozizira kuzungulira mapapo, thupi lili chigonere pabedi, abale akutsanzikana ndi m'bale wawo. Patatha maola ena atatu anachotsa mapapowo, anawayesa pa makina kunja kwa thupi, n'kuika limodzi mwa mayi wodwala mapapo, ndipo linagwira ntchito bwinobwino. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 2001. Palibe akanayerekeza kuchita zimenezi ndi chiwindi.

Pali chinanso chimene amalume angadabwe nacho. Imfa ya ubongo, imene anthu amaiyesa yopatsa ziwalo zabwino, imazunza mapapo kwambiri. Ubongo ukamatupa n'kufinyika m'chigaza, thupi limatulutsa mwadzidzidzi mankhwala ambiri okweza BP, magazi amakankhidwira m'mapapo mwamphamvu, timitsempha timayamba kudontha, timatumba ta mpweya tija n'kudzaza madzi. Kenako kutupa kumafalikira thupi lonse. Munthu amene mtima wake waima ubongo usanafike pamenepo, mapapo ake sanadutse mu namondwe ameneyu. Choncho gulu lililonse lili ndi bala lake: awa anazunzika ndi imfa ya ubongo, awo anakhala mphindi zingapo opanda magazi.

Nanga pa anthu zinatha bwanji? Bungwe la madokotala oika mitima ndi mapapo padziko lonse, la ISHLT, limasunga kaundula wa maopaleshoni amenewa. Mu 2019 linatulutsa zotsatira za zipatala 22, za maopaleshoni 11,516 ochitika pakati pa 2003 ndi 2017. Mwa amenewa, 1,090 anali a mapapo ochokera kwa anthu omwalira mtima utaima. Patatha zaka 5, anthu 63 pa 100 aliwonse amene analandira mapapo otere anali moyo, pamene a gulu linalo anali 61 pa 100. Kusiyana kumeneku n'kochepa, sitinganene kuti awa aposa awo, koma n'zoonekeratu kuti sachepekedwa. Zipatala zina zaona kuti masiku oyambirira odwala ena a gululi amakhalitsako pa makina opumira, koma zaka zikamapita amayendera limodzi ndi anzawo.

Manambala omwewa muwayang'anenso mbali ina, chifukwa sindikufuna banja liyembekezere zimene opaleshoniyi singapereke. Ngati 63 ali moyo, ndiye kuti 37 anatisiya zaka 5 zisanathe, mosatengera kumene mapapo anachokera. Mwa ziwalo zimene zimaikidwa kawirikawiri, mapapo ndi amene amavuta kwambiri kusunga, poti ndi okhawo amene amakumana ndi fumbi, utsi ndi tizilombo pa kupuma kulikonse, ndipo thupi limawakana pang'onopang'ono. Theka la olandira mapapo amapitirira zaka 6 kapena kuposerapo. Koma matenda oumitsa mapapo akafika poti munthu sachoka pa okosijeni, nthawi yotsala popanda opaleshoni imakhala yochepa kuposa pamenepo. Choopsa chenicheni kwa alongo anu ndi kudikira. Ku UK anthu omwalira mtima utaima ndi gawo lalikulu la opereka ziwalo, ndiye wodwala wokana mapapo awo wadzitsekera yekha mwayi wambiri, matenda akupitirira.

Tsopano ndikufotokozereni mmene zimayendera pa tsikulo, chifukwa m'menemo muli mayankho a amalume ndi a mayi anu omwe.

Makina asanachotsedwe, mapapo amakhala atayezedwa kale munthu akadali ku ICU. Amaona X-ray ya pachifuwa. Amafunsa za fodya, za zaka, za matenda akale, za khansa, za HIV, za matenda a chiwindi ndi TB. Amamupatsa okosijeni yekhayekha pa makina n'kuyeza kuchuluka kwake m'magazi. Muyeso ukaposa 300, ndiye kuti mapapo akusefa mpweya bwino. Mapapo ambiri amakanidwa pa mayeso amenewa.

Makina akachotsedwa, wotchi imayamba kuwerengedwa. Nthawi yoopsa siyambira pamene mtima waima ayi, imayambira pamene BP yapamwamba yatsika pansi pa 50, chifukwa kuchokera apo ziwalo sizikulandiranso magazi okwanira ngakhale mtima ukugundabe mofooka. Kafukufuku wa kaundula uja anapeza kuti mpaka ola limodzi la nthawi yotere silisintha zotsatira za mapapo. Munthu akapitiriza kupuma yekha kwa maola awiri kapena kuposerapo, gulu lodzachotsa mapapo limalongedza zida n'kubwerera, iye n'kupitiriza kusamalidwa ngati wodwala wina aliyense amene ali kumapeto kwa moyo.

Mtima ukaima, palibe amakhudza thupi. Ku UK amadikira mphindi 5 zathunthu, dokotala akuyang'ana makina osonyeza kugunda kwa mtima ndi kuyenda kwa magazi, kenako amayeza maso ndi zizindikiro zina n'kulengeza imfa. Apo m'pamene thupi limapita ku fiyeta. Choyamba n'kubwezera chubu pakhosi n'kutseka njira ya mpweya, chifukwa mdani wamkulu wa mapapo pa nthawiyi ndi za m'mimba. Munthu akamwalira, minofu yotseka pakhosi imamasuka, ndipo masanzi okhala ndi asidi akatsikira m'mapapo amawawotcha moti sangagwiritsidwenso ntchito. Kenako mapapo amafufumitsidwa ndi okosijeni, koma malamulo a ku UK amati izi zidikire mpaka mphindi 10 zitakwana chiimire mtima, kuopa kuti okosijeniyo angautakase. Akafufuma, changu chimachepa. A chiwindi ndi impso amakhala akuthamanga ndi nthawi, a mapapo atapeza kale mpata wopuma.

Dokotala amalowetsa kamera yaing'ono m'njira za mpweya kuona ngati muli mafinya, magazi kapena masanzi. Amatsegula chifuwa, amathira madzi ozizira osungira ziwalo kudzera mumtsempha waukulu wolowa m'mapapo, kenako amathiranso chobwerera kudzera m'mitsempha yotuluka, kuti magazi amene anayamba kuundana mtima utaima atulukire kumene analowera. Amawagwira ndi manja, kumva kulemera kwake, pakuti phapo lodzaza madzi limalemera. Amawasiya aphwe kuti aone ngati akubwerera msanga mmene phapo labwino limachitira. Akakhutira, amawamanga ali ndi mpweya m'kati, n'kuwaika mozizira. Kwa zaka zambiri ankasungidwa pa ayezi, pa madigiri 4, ndipo ankayenera kuikidwa mwa wodwala maola 6 mpaka 8 asanathe. Kenako gulu la ku Toronto linasonyeza kuti pa madigiri 10 amasungika bwino kwa nthawi yotalikirapo, ndipo zipatala zayamba kutengera.

Vuto limodzi lenileni la mapapo a gululi ndi lakuti mtima ukaima, simungayezenso mmene akuperekera okosijeni m'magazi, poti magazi sakuyenda. Muyeso womaliza ndi uja wa ku ICU, nthawi yovuta ija isanachitike. Apa ndi pamene makina amene Steen anayambitsa, otchedwa EVLP, amathandiza. Mapapo amaikidwa m'chiwiya choonekera m'kati, amalumikizidwa ku makina opumira ndi ku pampu yoyendetsa madzi apadera m'mitsempha yake, n'kufunditsidwa mpaka madigiri 37 ngati ali m'thupi. Kwa maola 4 kapena kuposerapo madokotala amawaona akupuma patebulo, akuyeza okosijeni amene akupereka, kufewa kwake, ndi ngati akusonkhanitsa madzi. Phapo lovulala silibisala. Ola lililonse limanka lilemera ndi kuuma. Mu 2011 Marcelo Cypel, Shaf Keshavjee ndi anzawo a ku Toronto anasindikiza zotsatira za mapapo a anthu 23 amene ankakayikiridwa. Atawayesa motere, a anthu 20 anapezeka abwino, anaikidwa, ndipo odwalawo anachira mofanana ndi anzawo. Si mapapo onse a DCD amene amafunika makinawa. Ambiri amaikidwa mwachindunji, makina n'kusungidwira okayikitsa. Alongo anu ali ndi ufulu wofunsa ngati chipatala chawo chili nawo, ndiponso kuti chimaika mapapo otere kangati pachaka. Afunse ndithu, madokotala a ntchitoyi sakhumudwa ndi mafunso otere.

Funso la mayi anu ndilo lolemera, ndipo ine ndimalilemekeza. Chitetezo choyamba ndi kulekanitsa anthu. Amene amaganiza zochotsa makina ndi madokotala a wodwalayo pamodzi ndi abale ake, poona za wodwalayo basi. Nkhani ya ziwalo imabwera chiganizocho chitapangidwa kale, ndipo madokotala odzachotsa ziwalo saloledwa kutenga nawo mbali pa chisamaliro chake kapena pa kulengeza imfa yake. Mankhwala amene amapatsidwa ndi ochepetsa ululu ndi kubanika, omwe aliyense womwalira ku ICU amalandira. Ku England, ngakhale lamulo la 2020 limati munthu wamkulu amatengedwa kuti anavomera kupereka ziwalo pokhapokha atalembetsa kukana, abale amafunsidwabe chilichonse chisanachitike.

Chitetezo chachiwiri ndi mphindi 5 zija. Mtima ukhoza kuima n'kugundanso wokha kanthawi, ndipo madokotala anafuna kudziwa kuti zimenezi zimatheka mpaka liti. Kafukufuku wa odwala 631 a ku Canada, Czech Republic ndi Netherlands, wosindikizidwa mu 2021, anatsata makina a anthu omwalira atachotsedwa pa makina opumira. Ena mtima unagundanso pang'ono n'kuimanso, koma mpata wautali kwambiri umene unaoneka mtima uli chiimire usanagundenso unali mphindi 4 ndi masekondi 20, ndipo palibe anapulumuka. Mayiko sagwirizana onse pa nkhaniyi. Ku Italy lamulo limati adikire mphindi 20, ndipo ngakhale atadikira chonchi, madokotala a ku Milan amaikabe mapapo a anthu otere bwinobwino, umene ndi umboni winanso wa kupirira kwa phapo. Ku Germany njirayi siloledwa n'komwe. Ku Belgium, Netherlands ndi Canada kuli anthu amene amapereka ziwalo atapempha okha kuti madokotala awathandize kufa, poti malamulo akumeneko amalola. Mwina mayi anu anamvapo zoterezi, koma chikalata cha alongo anu sichikunena zimenezo. Ngati nkhawa ili pa chikhulupiriro, mipingo yambiri ikuluikulu imavomereza kupereka ziwalo munthu atamwalira. Papa John Paul II analankhula poyera zoyamikira mchitidwewu pa msonkhano wa madokotala oika ziwalo ku Rome mu 2000. Mayi akhoza kukambirana ndi abusa kapena ansembe awo, ali ndi mfundo zimenezi m'manja.

Za zotsalira zopatsa mlendo, yankho ndi lalifupi. Chikalatacho chimapatsidwa kwa aliyense wolowa pa mndandanda, mzungu ndi wakuda yemwe. Mapapo akapezeka, amayang'ana gulu la magazi, msinkhu ndi kukula kwa chifuwa, ngati chitetezo cha m'thupi la wodwala sichidzalimbana nawo nthawi yomweyo, ndiponso amene wadwalitsitsa. Dokotala wa opaleshoni amene waika phapo loipa ndi yemweyo amene adzagone m'chipatala usiku wonse kulimbana nalo, ndipo zotsatira za chipatala chilichonse zimalengezedwa poyera.

Kukayika kwa amalume sindikukudabwa. Ife kuno mawu oti ziwalo za munthu tinawamva koyamba pa nkhani zoopsa: kuphedwa kwa abale athu achialubino, kumene kunachititsa kuti lamulo la Anatomy Act likhwimitsidwe mu 2016, ndi mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017. Opaleshoni yoika mapapo m'Malawi muno sichitika. Kufupi kwathu imachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Ngakhale ofuna impso, amene amatsukitsa magazi ku Kamuzu Central ndi ku Queens, amapita kunja, makamaka ku India, ali ndi m'bale wamoyo wowapatsa. Ineyo sindiona kuti kuika mapapo n'kumene dziko lathu liyenera kuthamangira pano. Ntchito yonse ndafotokozayi imaima pa mabedi okwanira a ICU, magazi osasowa, labu yoyeza mankhwala m'magazi tsiku lomwelo, ndi anthu okhulupirira kuti dokotala akati wamwalira ndiye kuti wamwaliradi. Ndalama za opaleshoni imodzi yotere zingagule okosijeni wopulumutsa ana ambiri odwala chibayo m'zipatala zathu za m'maboma. Koma alongo anu ali kumene zonsezi zilipo, ndipo mantha obadwira kuno asawalande mwayi wa kumeneko.

Banja likonzekere chinthu chimodzi chimene chimapweteka mtima. Ndi mapapo a DCD, wodwala amaitanidwa kuchipatala mwini mapapo asanamwalire, kuti nthawi isatayike. Alongo anu akhoza kuimbiridwa usiku, kufika, kusambitsidwa, kuletsedwa kudya, m'mawa n'kuuzidwa kuti abwerere kunyumba chifukwa munthu uja sanamwalire mu nthawi yake kapena mapapo akanidwa atawaona. Zikhoza kuchitika kangapo. Mukalandira foni yoyamba, musafulumire kulengeza kwa abale onse ndi kumpingo. Dikirani mumve kuti alowa mu fiyeta. Akabwezedwa, dziwani kuti kusefa kuja kukugwira ntchito, ndipo malo awo pa mndandanda sanatayike. Opaleshoni ikachitika, masiku atatu oyamba ndi amene madokotala amayang'anitsitsa, chifukwa m'maola 72 amenewa phapo latsopano likhoza kudzaza madzi magazi atayambanso kuyendamo. Zimachitika kwa magulu onse awiri, ndipo ambiri amadutsa.

Pali mbali imene inu a kuno mungathandize kuposa aliyense. Akaikidwa mapapo, alongo anu adzamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wawo wonse, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, kuti thupi lisakane chiwalo chachilendocho. Matenda amene anagona m'thupi kuyambira ubwana akhoza kudzuka. Munthu wokulira m'Malawi ayenera kuyezedwa TB yobisala, likodzo ngati ankasamba m'nyanja kapena m'madambo, matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi njoka zina za m'mimba zimene zimakhala zaka zambiri mwakachetechete n'kudzafalikira thupi lonse munthu akayamba prednisolone. Funsani mayi anu: kodi ali mwana anadwalapo chifuwa chachikulu, kapena kugona nyumba imodzi ndi wodwala TB? Anakodzapo magazi? Anaikidwapo magazi? Ngati buku lawo lakale lakuchipatala likadalipo m'sutikesi, lijambuleni pafoni muwatumizire akaonetse madokotala awo.

Akadzachira n'kufuna kubwera kudzakuonani, ayambe apempha chilolezo kwa madokotala awo, ndipo chaka choyamba nthawi zambiri amaletsedwa maulendo otere. Katemera wokhala ndi kachilombo kamoyo, monga wa yellow fever, sadzaloledwanso kubayitsa. Adzafunika mankhwala oteteza malungo ogwirizana ndi amene akumwa, madzi owiritsa, ndi kutalikirana ndi utsi wa mbaula ndi fumbi la m'chilimwe. Atadwala ali kuno, aliyense wowalembera mankhwala auzidwe kaye kuti ali ndi mapapo oikidwa. Rifampicin, amene ali m'mapiritsi athu a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa tacrolimus m'magazi mofulumira kwambiri, moti thupi likhoza kuyamba kukana mapapowo. Pamene fluconazole ndi erythromycin amamukweza mpaka kuwononga impso. Nambala ya foni ya chipatala chawo cha ku England muisunge inunso, kuti dokotala wa kuno akathe kulankhula nawo asanayambe mankhwala alionse.